Zithunzi Zodulidwa Pachifuwa

Ku Ntaja kunalibe munthu amene sanazione zithunzi za Dauda za ku Berlin. Zinalipo zisanu ndi ziwiri. Pa china waima pakhoma lalitali lopentedwa nkhope za anthu ndi nkhunda, pa china ali pakhomo pa nyumba yosungiramo zinthu za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pa chinanso kumbuyo kwake kuli chikasinja chakale. Monsemo wavala jekete yakuda, akumwetulira ngati munthu amene wangougula kumene mzindawo. Amayi ake ankazisunga m'foni n'kumaonetsa aliyense, ngakhale wongobwera kudzapala moto.

Chimene anthu a ku Ntaja sankadziwa n'chakuti zithunzi zonsezo zinali zodulidwa pachifuwa.

Dauda anali dalaivala m'nyumba ina ya ku Al Waab, kuno ku Doha. Zaka zitatu zapitazo bambo a bwana wake, nkhalamba imene pakhomopo onse ankangoitchula kuti Baba, inafooka miyendo, ndipo ana ake anaganiza zopita nayo kuchipatala ku Jeremani. Panafunika munthu wamphamvu woinyamula pokwera bedi, potsika, ndi popita kuchimbudzi. Anayang'ana uku ndi uku, maso n'kugwera pa Dauda. Basitu, ulendo wotchuka wa ku Ulaya unali umenewo: masabata atatu akukankha chikuku pamisewu yamiyala mpaka manja kutuluka matuza. Nkhalambayo inkakonda mbiri ya nkhondo kuposa mankhwala ake. Madokotala akangoimasula masana inkati, "Yalla, tiye Dauda," ulendo wa kumyuziyamu. Mwana wamkazi wa bwana ndiye ankajambula, agogo ake ali pachikuku, Dauda ali kumbuyo. Atamutumizira zithunzizo, Dauda anakhala pansi n'kuzidula mwaluso. Nkhalamba kunja, chikuku kunja, manja kunja. Kunatsala Dauda ndi Ulaya.

Musafulumire kumuweruza. Tonsefe kuno timachita zomwezo. Lachisanu tikatuluka kumzikiti ku Juma timavala zabwino, kukatsamira galimoto ya eni ake, n'kuponya pa sitetasi kuti akumudzi aone. Ndani anajambulapo bedi lake lam'mwamba m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu? Koma bodza la enafe limathera pa "mwatchenatu achimwene". La Dauda linakwera ndege.

Mlongo wake Ashura ankasoka zovala pakhonde la sitolo pa Ntaja. Anali ndi makina akeake, makasitomala ake, ndi mwana wamkazi wazaka zitatu dzina lake Maimuna. Atakhala akuziyang'ana zithunzizo kwa nthawi yaitali, tsiku lina analemba kuti, "Achimwene, kodi kumeneko kuli bwanji kwenikweni? Kwabwera ejenti, akufuna atsikana a ntchito za m'nyumba." Dauda anauwerenga uthengawo ali pakhomo pa sukulu, akudikira ana a bwana. Nthawi anali nayo, mpata wonena zoona unalipo. Anayankha mawu atatu okha: "Kuno ndi bho."

Ashura anagulitsa makina, kusiya mwana kwa amayi, n'kubwera. Anagwera m'nyumba ina ya ku Al Duhail, yampanda wautali woti ngakhale utaimika manja sungafike pamwamba. Kuchokera ku Al Waab ndi mphindi makumi awiri zokha pagalimoto, koma miyezi khumi ndi inayi inatha Dauda asanamuone mlongo wakeyo ndi maso. Ofu sankapatsidwa. Foni madamu ankaitsekera m'kabati n'kumupatsa Lachinayi madzulo kwa ola limodzi. Kangapo konse Dauda anadutsa dala pageti lija, kuchepetsa liwiro, kuyang'ana mpanda, n'kupitirira. Mawu atatu aja ankamudya mumtima, ndipo analibe womuuza.

Lachinayi lina la mu Febuluwale kunabwera uthenga wamawu.

"Achimwene, mawa andipatsa ofu, kuyambira wani koloko mpaka sikisi. Madamu akupita ku ukwati. Mudzanditenge, tikambirane za Samira. Ejenti uja wabweranso, ali pa Liwonde mpaka Lolemba, akutolera mapasipoti. Samira akuti akudikira mawu anu. Ine ndayankhula mpaka ndatopa."

Samira ndiye anali chitsirizira m'banjamo, wazaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, mutu wakuthwa kuposa onse. Anakhoza bwino Folomu 4, ndipo anali atapeza malo kukoleji ya aphunzitsi. Koma mtima wake unali kunja. Ashura akamuuza za kudzuka folo koloko ndi kuimirira tsiku lonse, mtsikanayo ankangoti, "Inuyo munangogwera nyumba yoipa, achemwali. Nanga achimwene sanafike ku Ulaya?" Komabe mawu a mkulu wake anali atayamba kumulowa pang'onopang'ono, moti analonjeza kuti pasipoti sapereka mpaka amve kuchokera kwa achimwene.

Nkhani inali yosavutatu. Dauda anene zoona, Samira apite kukoleji. Koma kunena zoona kunkatanthauza kuti Ntaja yonse idziwe kuti bwana wa ku Ulaya uja ankasambitsa nkhalamba ndi kuitayira mikodzo. Dauda ankaopa zimenezo kuposa kuchotsedwa ntchito.

Ndiye m'malo mokonzekera mawu, mkuluyu anakonzekera ulendo. Anapempha galimoto kwa bwana, bwanayo n'kungoti "mafi mushkila", palibe vuto, maso ali pafoni. Anasita malaya. Anakonza m'mutu malo oti akamuonetse mlongo wake: choyamba khoma lopentedwa la kufupi ndi Ras Abu Aboud, kenako myuziyamu yaikulu. Ankaganiza kuti munthu ukamusangalatsa masana amodzi, mlandu umachepa. Amunafe timaganiza choncho, kaya anatiphunzitsa ndani.

Atatuluka ku Juma anakaima pageti. Wani koloko itadutsa pang'ono, kachitseko kam'mbali kanatseguka, n'kutuluka mayi wowonda, atavala abaya yomukulira, mkanjo wakuda wofika kumapazi. Dauda anatsala pang'ono kuyang'ana kumbali. Anamuzindikira ndi kayendedwe kokha, kuponda ndi chidendene monga amachitira amayi awo.

"Asalamu alaikum, achimwene."

"Wa alaikum salamu. Wanenepatu iwe," anatero Dauda, pakamwa pakungoyankhula pokha.

Ashura anamuyang'ana, osaseka, osakwiya. Anatsegula chitseko chakumbuyo mwachizolowezi, kenako anakumbukira, n'kutseka, n'kudzakhala kutsogolo.

"Tiyeni, nthawi ndi yochepa."

M'njira Dauda anasanduka wolondolera alendo. Uwu ndi msewu wopita ku eyapoti. Nsanja zagalasi izo usiku zimasintha mitundu. Apa pansi pamadutsa sitima, munthu osaimva n'komwe. Ashura anali atangomata nkhope pawindo. Chibwerereni ankangotuluka kupita ku molo kokagula zinthu ndi kuchipatala, atapanikizika kumbuyo pakati pa ana a madamu ndi zikwama zawo.

"Za Samira zija, achimwene."

"Tikambirana, tikambirana. Uyambe waona kaye mzinda."

Anaimika galimoto moonekera bwalo la mpira limene anamanga ndi makontena. Kunali kamphepo kozizira kochokera kunyanja. Khomalo linali lalitali ndithu, lopentedwa kuchokera uku mpaka uko: ngalawa yamatanga, kabawi atatambasula mapiko, nkhope ya mayi wachikulire, ndi nsomba zachikasu zikusambira m'mitambo. Ashura anayenda pang'onopang'ono, akuligwira ndi nsonga za zala.

"Buluu uyu," anatero, "pa diresi la Maimuna angakhale bwino. Ndi kolala yachikasu ngati nsombazi."

Atafika kumapeto kwa khoma anangoona nyanja ili poteropo, yonse, mpaka kumene maso amalekezera. Miyezi khumi ndi inayi ali mumzinda wa m'mbali mwa nyanja, madzi ake anali asanawaone. Mphepo inalowa mu abaya n'kuitukumula, iye n'kuigwira ndi manja awiri, ndipo anaseka. Kunali kuseka kwenikweni, kwa Ashura wa pakhonde la sitolo uja. Dauda foni inali kale m'manja. Anajambula.

Chithunzicho chinakongola kwambiri, kupatula manja. Manja a Ashura anali atang'ambika ndi jiki, zikhadabo zodukaduka, khungu la m'mfundo za zala litayera mbuu. Chala cha Dauda chinachita zimene chimachita Lachisanu lililonse. Chinadula pachifuwa, chinalemba kuti "Ine ndi sisi wanga, Doha ikukoma," n'kuponya pa sitetasi. Sizinatenge ndi masekondi khumi omwe, ndipo mutu wake sunafunsidwe maganizo.

"Ima pakhomapo tijambulenso," anatero akubwerera m'mbuyo. "Koma manjawo ulowetse m'mikono ya abaya."

"Ndibise manja?"

"Kungoti chithunzi chioneke bwino."

Ashura anawatukula manjawo, kuwayang'ana kuno, kuwatembenuza, kuwayang'ananso. Kuseka kuja kunali kutapita.

"Ndi mmene munabisira anu ku Berlin?"

Dauda anayang'ana kumbali.

"Ine ndine telala, achimwene," anapitiriza Ashura, mawu ali pansi. "Phewa la munthu ndimalidziwa. Zithunzi zanu zonse zisanu ndi ziwiri, mapewa agwera kutsogolo mofanana, mikono yonse iwiri yaloza pansi. Kumudzi ndinkangoti kaya ndi kaimidwe ka ku Ulaya. Tsiku lina ndikukankha kachikuku ka mwana wa madamu ku molo, ndinadziona pagalasi la sitolo. Ndinati, awa ndi achimwene ali ku Berlin."

"Tiye kumyuziyamu," anatero Dauda. "Kuno kukutentha."

Kunja sikunkatentha, ndipo onse awiri ankadziwa. Koma Ashura anakwera galimoto osatsutsa.

M'myuziyamumo munali mozizira ndi mwamdima pang'ono. Pamakoma ankaonetsa makanema a anthu akale akumira m'nyanja kufuna ngale, ndipo m'magalasi munali mbiya, maukonde, malupanga ndi mifuti yaitali ya nkhondo zakalekale. Dauda anali atakonzekera kufotokoza chilichonse mwaukatswiri, monga amachitira akabwera ndi anzake atsopano. Mawu onsewo anathawa. Anapeza benchi moyang'anizana ndi mifutiyo, anakhala, mlongo wake n'kukhala pambali pake.

"Berlin ine ndimaidziwa ndi malifiti ndi zimbudzi," anayamba choncho, maso ali pansi. "Myuziyamu iliyonse, funso langa loyamba linali lakuti polowera chikuku ndi pati. Baba akuyang'ana mayunifolomu a asilikali, mamapu, makalata a anthu amene anaphedwa, ine ndikuyang'ana thumba lawo la mikodzo ngati ladzaza. Tinalowa m'chinyumba china cha pansi pa nthaka mmene anthu ankabisala mabomba. Ndinawabereka kumsana potsika, ndinawaberekanso pokwera. Ukandifunsa kuti munali chiyani, sindingakuuze. Ndinkagona pampando pafupi ndi bedi lawo. Jekete ija ndi ya bwana, anandibwereka chifukwa cha kuzizira. Ndinabweza pa eyapoti."

Ashura ankangomvetsera, manja ali pamiyendo, osabisa.

"Chimodzi chokha ndimachikumbukira bwino, khoma lija. Wotiyendetsa anati analimanga nkhondo itatha, n'kuudula mzinda pakati. Anthu anangodzuka m'mawa n'kupeza kuti mlongo wako ali tsidya lina. Msewu womwewo, utsi wa nyumba yake ukuuona, koma kukumana ayi. Ndinamva chisoni tsiku limenelo. Ndinati anthu awa anali ouma mtima bwanji. Kenako ndinaima pakhoma lomwelo n'kumwetulira."

"Anakhala choncho zaka zingati?"

"Makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu."

"Ndiye ine ndikadali poyambira," anatero Ashura.

Dauda anamva ngati wamenyedwa mbama. Ankafuna kupepesa, koma kupepesa kwake kunkaoneka kochepa kwambiri moti anachita nako manyazi.

"Sindinabwere kudzakuzengani mlandu, achimwene. Ndinakukwiyirani miyezi isanu ndi umodzi, kenako ndinaleka. Mkwiyo umafuna munthu wogona mokwanira. Zanga zinapita kale. Makina anapita, makasitomala anapeza telala wina. Maimuna sabata yatha anakana kubwera pafoni, akuti akusewera. Kontirakiti yanga ndimaliza, inshallah, ndizipita. Koma Samira ayi. Mwana uja ndi woti aziima kutsogolo kwa kalasi, osati kumachapa zimbudzi zisanu ndi ziwiri dzuwa lisanatuluke. Zithunzi zenizenizo mukadali nazo?"

Lilime linafuna kunena kuti zinafufutika. Dauda analigwira.

"Ndili nazo."

"Mumutumizire. Chimodzi chokha chikwana. Amve mawu anu, anga anawazolowera."

"Amayi aziona."

"Aziona, inde. Alira tsiku limodzi. Mukuganiza kuti panopa sakulira?"

"Ndimutumizira. Ndipeze kaye mawu abwino."

"Mawu abwino ndi amene anandibweretsa kuno, achimwene."

Dauda anatulutsa foni kuti azifufuze zithunzizo, ndipo pamenepo ndi pamene anaiona sitetasi ija. Ashura akuseka, nyanja kumbuyo, Doha ikukoma. Anatseka foni msanga, kunena kuti akupita kuchimbudzi, n'kunyamuka.

Kuchimbudziko anatsegulanso. Anthu makumi asanu ndi limodzi anali ataiona kale. Dzina la Samira linali pakati pa oyambirira, ndipo anali atayankha ndi timitima titatu tofiira. Dauda anaifufuta sitetasiyo, koma madzi akatayika saoleka. Anamuimbira Samira. Foni inalira mpaka kudzidula yokha. Anaimbanso, chimodzimodzi.

Apa mpamene munthu wanzeru akanatumiza chithunzi chenicheni nthawi yomweyo. Dauda anachitsegula ndithu. Ndi uyo pakhoma la ku Berlin, atawerama, manja agwira zogwirira za chikuku, Baba atafunda bulangeti akusinza, thumba lija likulendewera m'mbali. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anaona amayi ake akuchiona, anaona azimayi a kumadrasa akupatsirana foni, anaona anyamata a kabaza pa Ntaja akuseka mpaka kugwetsa njinga. Chala chinaima pamwamba pa batani. Anadziuza kuti nkhani yotere simatumizidwa uli kuchimbudzi, imafuna malo aulemu. Anasamba kumaso n'kutuluka.

Anamupeza Ashura ataima pagalasi lina mmene munali diresi lakale la akazi a kuno, lopetedwa ndi ulusi wagolide pachifuwa. Mphuno inali pafupi kugunda galasi, zala zikuyenda zokha m'mwamba ngati zagwira singano.

"Taonani, achimwene, zonsezi ndi pamanja. Munthu ameneyu anali ndi nthawi. Onani mmene anabwezera ulusi apa, mfundo yake siikuoneka n'komwe."

Nkhope yake inali itamasuka. Dauda anayang'ana nkhope imeneyo, ndipo za sitetasi zija zinamukanika kunena. Anadziuza kuti akumuchitira chifundo, kuti asamuonongere ofu yake yoyamba. Zoona zake n'zakuti ankaopa maso ake.

"Mwatumiza?" anafunsa Ashura osatembenuka.

"Netiweki ya muno ndi yovuta. Ndikangokusiya ndituma."

Anayendabe m'zipinda zina ziwiri. Potuluka anagula tiyi wa karaki ndi chapati pakasitolo kam'mbali mwa msewu, n'kudyera m'galimoto momwemo. Ashura anamwa tiyiyo pang'onopang'ono, akuti kwa madamu amamwa ataimirira. Anakamba za denga la nyumba ya amayi, za mbuzi imene inaswa ana atatu, za telala watsopano wa pakhonde lija amene akuti makolala amamuvuta. Dauda ankangoyankha kuti eya, eya, dzanja lili pathumba pamene panali foni. Sinanjenjemere ngakhale kamodzi.

Faifi koloko itangokwana Ashura anayamba kuyang'ana wotchi ya m'galimoto pafupipafupi.

"Tiyeni. Ndikachedwa, ofu ina kulibe."

Anafika pageti kutatsala mphindi khumi. Ashura anakonza mpango wake, n'kugwira chitseko, koma sanatsike msanga.

"Achimwene, mwandilonjeza."

"Wallahi, ndituma pompano."

"Foni ndidzaigwira Lachinayi. Ndidzapeze nkhani yabwino." Anatsegula chitseko. "Zikomo chifukwa cha nyanja. Ndinali nditaiwala kuti maso amatha kuona patali."

Anatsika, kuliza belu, kachitseko n'kutseguka. Sanacheuke. Dauda anamva loko akuti khethe.

Sanalize galimoto. Dzuwa linali likulowa kuseri kwa nyumbazo. Anatsegula chithunzi chija, chomwe chija cha thumba lolendewera, ndipo ulendo uno sanadzipatse mpata woganiza. Anatumiza. Kenako anadina pojambulira mawu n'kuyankhula kwa mphindi zinayi zathunthu. Ananena za matuza, za jekete yobwereka, za bedi lam'mwamba, za manja a Ashura. Ananena kuti "Kuno ndi bho" uja anali bodza, ndipo bodzalo lamulanda Maimuna mayi wake. Anamaliza ndi kuti, "Pita kukoleji, mlongo wanga, ndakupempha." Atamaliza anamva kupepuka kumene anali asanakumve kwa zaka zitatu, mpaka anadzifunsa kuti chimene ankaopa chinali chiyani.

Timizere tiwiri tinasanduka tabuluu nthawi yomweyo. Anadikira. Choyamba kubwera chinali chithunzi. Samira waima pakhonde la kaofesi kena, wavala mpango wake wa pa Idi, wanyamula pepala lodindidwa, mano onse ali pamtunda. Kenako kunabwera mawu, kumbuyo kukumveka phokoso la minibasi ndi kondakitala akuitanira za ku Ntaja.

"Achimwene, pepani foni inali m'chikwama, sindinaimve. Ndaona chithunzi cha agogowo. Ndiye mumachita manyazi ndi zimenezi? Ntchito ndi ntchito. Chikuku nanenso nditha kukankha, bola inu ku Ulaya munafika. Ine nditangoona sitetasi yanu masana ndinadziwa kuti yankho lanu ndi limenelo. Achemwali akusekerera chonchija panyanja, n'kumandiopseza ine kuti kuli mavuto! Ndinangovala n'kukwera minibasi. Pasipoti ndapereka, ndasaina zaka ziwiri. Akuti mwezi wamawa tinyamuka. Musadandaule za ine, ndikudziwa mukungofuna kunditeteza."

Dauda anaimba. Samira anayankha, koma mawu ankadukaduka.

"Samira, tamvera. Chithunzi cha masana chija ndinachidula. Manja a Ashura..."

"Sindikukumvani bwino, achimwene, bandulo yanga ikutha. Tidzacheza."

Foni inaduka. Patapita kanthawi kunalowa uthenga wolemba, womaliza: "Lachisanu langa loyamba mudzanditenge, mukandijambule pakhoma lomwelo."

Kumzikiti wapafupi kunayamba kumveka azana ya magharibi. Dauda anatsitsa windo. Kuseri kwa mpanda kunkamveka madzi a paipi akuthiridwa pasimenti, ndi tsache likukwecha. Ofu inali itatha, Ashura anali atayamba kale kutsuka bwalo. Panali mamita ochepa okha pakati pawo, moti akanaitana dzina lake akanamva. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso.

Mlongo wakeyo agona lero akukhulupirira kuti achimwene akonza zinthu. Mawa adzuka folo koloko ndi chikhulupiriro chomwecho, mkuja chimodzimodzi, mpaka Lachinayi madzulo madamu atatsegula kabati. Dauda anakweza windo n'kuliza galimoto. Anali ndi masiku asanu ndi limodzi oti apeze mawu abwino.